Kodi minor ya maphunziro a chigawo ili ndi phindu, kapena n'kutaya nthawi?

Funso: Ndili chaka chachiwiri pa yunivesite ina ku America, major yanga (phunziro langa lalikulu) ndi ya zachuma. Atiuza kuti tikhoza kuwonjezerapo minor, phunziro laling'ono lapambali, ndipo ine mtima wagawanika pakati pa East Asian Studies ndi African Studies, maphunziro a chigawo cha kum'mawa kwa Asia ndi a chigawo cha Africa. Anzanga akuti ya Africa ndingaikhoze nditatsinzina poti ndine mwana wa komweko. Malume anga, amene amandithandiza fizi, akuti zonsezi n'zachibwana, ndingotenga za makompyuta. Inenso ndikayang'ana mndandanda wa makosi ake mutu umandizungulira: apa mbiri yakale, apo ndale, uko mafilimu, kwinaku zipembedzo. Kodi amenewa ndi maphunziro enieni? Nanga adzandithandiza chiyani?

Yankho: Zikomo pondilembera. Malume anuwo musawaderere. Pa zaka zimene ndakhala ndikulangiza ophunzira posankha makosi, ndaona ambiri akumaliza minor yotereyi osatolapo kanthu. Ndaonanso ena ochepa amene minor yomweyi inawatsegulira njira ya moyo wawo wonse. Kusiyana kwawo kunali pa kasankhidwe ka makosi, ndipo ndi pamenepo ndikufuna tichedwepo.

Tiyambe ndi msinkhu wa chinthucho. Digiri yoyamba ku America nthawi zambiri imakhala makirediti 120, kutanthauza makosi pafupifupi 40 ngati iliyonse ili ndi makirediti atatu. Major imadya makosi 10 kapena 12, pena kuposa apo. Minor ndi makosi 5 mpaka 7 basi. M'mayunivesite ambiri dzina lake silioneka n'komwe pa pepala la digiri lopachika pakhoma lija, limangolembedwa pa transcript, chikalata cha makosi ndi magiredi anu. Kwina amaitchula mwina: ku Harvard amati secondary field, ndipo ku Netherlands minor kawirikawiri ndi semesita imodzi yathunthu ya makirediti 30 a ku Ulaya. Choncho tikukamba za gawo limodzi mwa magawo 7 a maphunziro anu onse. Kagawo kotere sikangakusandutseni katswiri wa za China, komanso sikangakuwonongereni digiri.

Kusakanikirana kumene kukukuzunguzani mutuko kuli ndi gwero lake. Yunivesite inagawidwa potsata njira zofufuzira zinthu. A zachuma ali ndi dipatimenti yawo, a mbiri yakale yawo, a zandale yawo, a zinenero yawo, aliyense ndi zida zake, ndipo aliyense amakhulupirira kuti zida zakezo zimagwira ntchito paliponse padziko. Maphunziro a chigawo amadula mopingasa. Amatenga dera limodzi n'kuitana onsewa kuti aliyense anene chimene akuona pamenepo. Koma pali chinthu chimene kabuku kokopa ophunzira sikanena: pulogalamu yotere kawirikawiri ilibe aphunzitsi akeake. Ili ndi mkulu mmodzi, mwina ndi mlembi, ndi kaofesi kumapeto kwa khonde. Aphunzitsi ndi obwereka, amalembedwa ntchito, kulipidwa ndi kukwezedwa ndi madipatimenti awo. Mndandanda umene mwauonawo ndi makosi a eni ake amene angopezeka kuti akukhudza deralo. Nthawi zambiri palibe anakhala pansi n'kuwalukanitsa. Amene amaphunzitsa mafilimu a ku Japan mwina sanachezepo ndi amene amaphunzitsa malonda a ku Korea. Wolumikiza zonsezi ndinu, ndipo mukapanda kutero palibe wina adzakuchitirani.

N'kofunikanso mudziwe kumene maphunzirowa anachokera, chifukwa fungo la komweko likadalipo. Ku London anakhazikitsa School of Oriental Studies mu 1916, makamaka yophunzitsa zinenero ndi miyambo ya maiko olamulidwa ndi Britain kwa akuluakulu a boma la atsamunda, asilikali, amalonda ndi amishonale. Mawu akuti African anawonjezeredwa pa dzina lake mu 1938, n'kukhala SOAS imene timaidziwa lero. Ku America zinthu zinayaka moto pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, boma litazindikira kuti likumenyana ndi Japan koma anthu otha kuwerenga Chijapani ndi owerengeka. Bungwe la ukazitape la OSS linasonkhanitsa akatswiri a mbiri, a zachuma ndi a chikhalidwe cha anthu, n'kuwagawa potsata madera. Nkhondo itatha, anthu omwewo anabwerera ku mayunivesite ndi kagwiridwe kantchito kameneko. Columbia inatsegula Russian Institute mu 1946, Harvard inatsegula Russian Research Center mu 1948, ndipo chaka chomwecho Melville Herskovits anayambitsa pulogalamu ya African Studies ku Northwestern. Ndalama zambiri zinachokera ku mabungwe a Rockefeller, Carnegie ndi Ford. Kenako Soviet Union inaponya setilaiti yake yoyamba ya Sputnik m'mlengalenga mu Okutobala 1957, America inanjenjemera, ndipo mu 1958 inakhazikitsa lamulo la National Defense Education Act. Gawo lake lotchedwa Title VI ndi limene linayamba kupereka ndalama za boma ku malo ophunzitsa zinenero ndi madera akunja. Taonani dzina la lamulolo: muli mawu a chitetezo. Boma linkafuna kudziwa adani ake, ndi maiko amene linkaopa kuti angagwe m'manja mwa adaniwo.

Mbiri imeneyi ili ndi mbali ina imene siikambidwa mokwanira. William Leo Hansberry anayamba kuphunzitsa za maufumu akale a mu Africa ku Howard University mu 1922, zaka 26 Herskovits asanatsegule pulogalamu yake, koma ndalama zikuluzikulu zitayamba kutuluka sizinalowere kwa iye. Mkwiyo wa zinthu ngati zimenezi unaphulika pa msonkhano wa African Studies Association ku Montreal mu 1969, pamene akatswiri achikuda anaimitsa zokambirana n'kufunsa kuti n'chifukwa chiyani za Africa zikulamulidwa ndi azungu okhaokha. Ku Ghana nako, Kwame Nkrumah potsegula Institute of African Studies ku Legon mu Okutobala 1963 ananenetsa kuti Africa aziphunziridwa kuchokera mkati, ndi maso a eni ake. Mu 1978 Edward Said anatulutsa buku lake lotchuka lotsutsa mmene azungu ankalembera za anthu a Kum'mawa, ndipo kuchokera pamenepo palibenso mphunzitsi wa maphunzirowa amene angadzinamize kuti amangofotokoza zinthu mopanda mbali. Mkangano umenewu mukaupeza m'kalasi, ndipo kwa ine ndi chimodzi mwa zokoma za phunziroli.

Ngakhale malire a zigawozo ndi opangidwa ndi anthu, ndipo si akale monga mmene amamvekera. Dzina lakuti Middle East linafala litagwiritsidwa ntchito ndi Alfred Thayer Mahan, katswiri wa nkhondo za panyanja wa ku America, mu 1902. Lakuti Southeast Asia linazika mizu chifukwa cha gulu lankhondo la South East Asia Command la mu 1943, lotsogoleredwa ndi Louis Mountbatten, limene likulu lake linakakhala ku Kandy pa chilumba cha Ceylon (Sri Lanka wa lero), dziko limene lero sitiliwerengera n'komwe m'chigawocho. Egypt ali mu Africa, koma m'mayunivesite ambiri mukamupeza ku Middle Eastern Studies, ndipo African Studies imayambira kumwera kwa Sahara ngati kuti ngamila sizinkadutsa chipululucho ndi mchere, golide ndi mabuku. Mphunzitsi wabwino amayamba ndi kukayikira malire a phunziro lake lomwe. Mukapeza kosi yoyamba ya minor ikungolandira malirewo ngati anagwa kumwamba, dziwani kuti pulogalamuyo ili m'tulo.

Chenjeraninso ndi maina ofanana. M'kabuku ka yunivesite mupeza maphunziro a chigawo atandandalikidwa pamodzi ndi ena a muzu wina. Cultural Studies inaphukira ku Birmingham, kumene Richard Hoggart anatsegula malo ake mu 1964 ndipo Stuart Hall anadzawatsogolera. Chidwi chawo chinali pa wailesi ya kanema, nyimbo za achinyamata, manyuzipepala, ndi mmene mphamvu zimabisalira m'zinthu za tsiku ndi tsiku. Ethnic Studies inabadwa pa sitiraka ya ophunzira ku San Francisco State imene inayamba mu Novembala 1968 n'kutha mu Malichi 1969. N'chifukwa chake Asian Studies ndi yosiyana ndi Asian American Studies, ndipo African Studies ndi yosiyana ndi African American Studies. Pamene alemba kuti Africana Studies, pena amatanthauza zonse pamodzi, pena makosi ake pafupifupi onse ndi a mbiri ya anthu achikuda a ku America. Zonsezi ndi maphunziro olemera, koma werengani makosiwo imodziimodzi, musagule dzina.

Tsopano ku funso lanu lakuti kodi ndi maphunziro enieni. Amene amakayikira kwambiri ndi anthu a dipatimenti yanu yomweyo. M'zaka za m'ma 1990, Soviet Union itagwa, kunabuka mtsutso waukulu. Akatswiri ena, monga Robert Bates wa zandale, ankati kudziwa dera limodzi mozama sikukwanira kukhala sayansi ngati sikukubala mfundo zoyesedwa kwina. A zachuma ndiwo anali atatuluka kale m'maphunziro a chigawo, poti kwa iwo munthu wa ku Seoul ndi wa ku Lima amasankha zinthu mofanana mitengo ikasintha. Mfundo yawo ili ndi mphamvu. Munthu akhoza kudziwa maina a mafumu onse a ku Korea koma osatha kufotokoza chifukwa chimene chinthu china chinachitikira. Kuunjika nkhani si kufotokoza.

Komabe taonani izi, inu wa zachuma. Mu Epulo 2014 dziko la Nigeria linalengeza kuti chuma chake ndi chachikulu pafupifupi kawiri kuposa mmene ankanenera dzulo lake, n'kupitirira South Africa tsiku lomwelo. Palibe fakitale inamangidwa usikuwo. Chinasintha ndi kawerengedwe: ankagwiritsabe ntchito chaka cha 1990 ngati poyambira, nthawi imene kunalibe mafoni a m'manja ndipo makampani a mafilimu anali asanakule, ndiye anasunthira ku 2010. Ghana anachita zofanana mu 2010, chuma chake n'kukwera ndi maperesenti oposa 60 papepala. Tsono ganizirani ophunzira amene anatsitsa manambala akalewo pa intaneti, n'kuwathira mu kompyuta, n'kulemba molimba mtima za chifukwa chimene Africa sakutukukira. Masamu awo anali olondola. Chimene sankadziwa ndi ofesi imene manambalawo anachokera, kuti ili ndi antchito angati, ndi kuti kalembera womaliza anachitika liti. Zoterezi sizili m'buku la econometrics, masamu a zachuma. Amazidziwa ndi anthu amene anakhala nthawi ndi dera limenelo.

Kum'mawa kwa Asia nakonso n'chimodzimodzi. M'kalasi ya zachuma mudzamva kuti Japan, South Korea ndi Taiwan anatukuka chifukwa chogulitsa katundu kunja. N'zoona. Koma maiko atatu onsewa anayamba ndi kugawanso minda pakati pa 1946 ndi 1953, kuichotsa kwa eni malo akuluakulu n'kuipereka kwa alimi amene ankailima, ndipo zinatheka chifukwa cha nkhondo, ulamuliro wa asilikali a America ku Japan, ndi mantha a chikomyunizimu. Wofuna kukopera njira yawo osadziwa zimenezi akukopera denga la nyumba yopanda maziko. Kapena tengani China. Simungamvetse chifukwa chimene antchito a m'mafakitale a ku Shenzhen anakhalira otsika mtengo kwa zaka zambiri ngati simudziwa hukou, kaundula wa mabanja amene anakhwimitsidwa mu 1958, amene amamangirira munthu ku dera lobadwira. Munthu wa kumudzi akhoza kugwira ntchito m'tauni zaka 20, koma mwana wake n'kumavutikabe kupeza malo pa sukulu ya boma ya m'tauniyo. Limeneli ndi lamulo, ndi mbiri, ndi ndale, komanso ndi nkhani ya mabanja ogawanika, ndipo zonsezi zimathera mu mtengo wa foni imene ili m'thumba mwanu. Phindu la minor imeneyi kwa wa zachuma lili apa: imakuphunzitsani kufunsa kuti nambala iyi yachokera kuti, ndipo yabisa chiyani.

Koma phindu limeneli silibwera lokha. Amene ndinawaona akutuluka chimanjamanja anachita zofanana onse. Ankasankha kosi poti ikugwa masana osati m'mawa, ina poti mnzawo wati mphunzitsi wake sawumira magiredi, ina poti dzina lake likukoma. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Pomaliza ali ndi kosi ya zojambula za ku Japan, ina ya chipembedzo cha Chibuda, ina ya ndale za ku China, ina ya mafilimu a ku Korea, ndipo mukawafunsa chimene chikulumikiza zinayi amangoti zonse ndi za ku Asia. Anthu oposa biliyoni imodzi ndi theka sangakhale mutu wa phunziro.

Chimene ndimauza aliyense n'chakuti alowe ndi funso limodzi, laling'ono moti likhoza kulembedwa pa mzere umodzi, ndipo kosi iliyonse aisankhe poti ikuyankhako mbali ina ya funsolo. Mwachitsanzo: n'chifukwa chiyani maiko ena anatha kusandutsa alimi kukhala antchito a m'mafakitale m'zaka 30 zokha? Ndi funso limenelo, kosi ya mbiri ya Japan kuyambira 1868 ili ndi ntchito, ya ndale za ku Korea ili ndi ntchito, ngakhale ya mafilimu ili ndi ntchito, chifukwa mukaonamo mmene anthu wamba anamvera kuwawa kwa kusinthako. Mapepala anu onse a kumapeto kwa semesita azizungulira pamenepo. Pofika chaka chachinayi mudzakhala ndi mapepala asanu oyang'ana chinthu chimodzi kuchokera mbali zisanu, ndipo limodzi mwa iwo likhoza kukula n'kukhala chitsanzo chimene mudzatumize pofunsira masters kapena ntchito. Funsolo likhoza kusintha m'njira, palibe vuto. Choopsa ndi kuyenda opanda funso.

Chachiwiri ndi chinenero, ndipo apa ndilankhula mosapsatira chifukwa ndi pamene zisankho zanu ziwirizi zikusiyanirana kwambiri. Foreign Service Institute, sukulu imene imaphunzitsa akazembe a America, inayerekeza nthawi imene munthu wolankhula Chingerezi amafunika kuti afike pogwira ntchito m'chinenero china. Chifalansa, Chisipanishi ndi Chipwitikizi ndi masabata 24 mpaka 30 ophunzira tsiku lonse. Chiswahili ndi masabata pafupifupi 36. Chitchaina, Chijapani, Chikoreya ndi Chiarabu ndi masabata 88, maola a m'kalasi pafupifupi 2,200. Tsono werengerani zanu. Kosi ya chinenero pa yunivesite ikakhala ya maola asanu pa sabata kwa masabata 15, ndi maola 75 pa semesita. Masemesita anayi ndi maola 300. Ndi maola amenewo mudzatha kupereka moni, kukwera basi ndi kuwerenga nkhani zofewa za Chitchaina, koma lipoti la banki yaikulu ya dzikolo simudzalitha. Maola omwewo mu Chifalansa akhoza kukufikitsani powerenga nyuzipepala ya ku Dakar kapena ku Abidjan ndi dikishonale pambali.

Sindikunena izi kuti ndikugwetseni ulesi. Ndikufuna mudziwe mtengo wake musanagule. East Asian Studies yopanda chinenero ndi kuonera mpira pa mpata wa mpanda: mukuona ndithu, koma zimene wina wasankha kukumasulirani. Ngati mukufunadi, yambani Chitchaina, Chijapani kapena Chikoreya semesita ikubwerayi, osadikira chaka chachitatu, ndipo konzekerani kukakhala kumeneko semesita imodzi kapena tchuthi chachitali chonse. Muzionanso ngati ulendo umene udzapitirire digiri itatha.

Za anzanu amene akuti ya Africa mungaikhoze mutatsinzina, ndikuuzeni zimene ndaona. Africa ali ndi maiko 54 ndi zinenero pafupifupi 2,000. Kubadwira pa ngodya imodzi sikukuuzani kanthu za ndalama ya CFA, imene inakhazikitsidwa mu 1945, imene maiko 14 amagwiritsa ntchito, ndipo inagwetsedwa mphamvu ndi theka tsiku limodzi mu Januwale 1994. Sikukuuzani za mipukutu ya ku Timbuktu, za malemba a Ge'ez ku Ethiopia, kapena chifukwa chimene njanji zambiri za nthawi ya atsamunda zimachokera ku mgodi kupita ku doko osalumikiza mizinda ya m'kati. Ndinakhalapo ndi wophunzira wina wochokera ku Africa amene analowa kosi yotere akuyembekezera kupuma. Pepala lake loyamba linali lodzaza ndi mawu akuti kwathu timatere, ndipo linabwerera ndi funso limodzi m'mphepete: umboni uli kuti? Zinamupweteka, poti zimene analembazo zinali zoona. Koma chimene wachiona pa mudzi umodzi ndi poyambira kafukufuku, sichikhala mapeto ake. Palinso katundu wina amene mudzasenzetsedwa osapempha: nkhani ya njala kapena nkhondo ikangotchulidwa, kalasi yonse imatembenukira kwa inu ngati ndinu mneneri wa kontinenti yonse. Ena zimawatopetsa kwambiri. Muli ndi ufulu wonena kuti dziko limenelo simunafikeko, mwabwera kudzaphunzira ngati wina aliyense.

Mwayi muli nawo, inde, koma uli pena. Mumalankhula kale chinenero cha mu Africa, chinthu chimene anzanu a m'kalasi adzachivutikira zaka. Ngati chili cha gulu la Bantu, Chiswahili mudzachitola msanga kuposa iwo, chifukwa magulu a maina ndi kamangidwe ka aneni n'zapachibale. Mukhoza kufunsa anthu mafunso m'chinenero chawo, kumva nthabwala, kuzindikira pamene munthu akuyankha mongokusangalatsani. Mukaphatikiza zimenezi ndi masamu a zachuma, muli ndi chinthu chosowa. Ndiye mukasankha African Studies, musaitenge ngati pobisalira. Lunjikani dera limene simulidziwa, ndipo tengani Chifalansa, Chipwitikizi kapena Chiarabu.

Pali njira inanso imene mwina simunaiganize. Zigawo ziwirizi zimakumana. Mbale zadothi za ku China zafukulidwa ku Kilwa ku Tanzania, zombo za Zheng He, mkulu wa zombo wa ku China, zinafika ku Malindi ku Kenya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1400, ndipo njanji ya TAZARA, ya makilomita 1,860 kuchokera ku Dar es Salaam kukafika ku Kapiri Mposhi, inamangidwa ndi China pakati pa 1970 ndi 1975. Lero China ndiye dziko limene likuchita malonda ochuluka kwambiri ndi Africa. Funso lanu likakhala pa ubale umenewu, mukhoza kulembetsa minor imodzi n'kutengako kosi imodzi kapena ziwiri za inayo. Kulembetsa zonse ziwiri ndiye ayi. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo magiredi a major yanu ndi amene adzanyowe.

Musanasaine fomu, pitani kwa mkulu wa pulogalamuyo ndi mafunso. Lofunika kwambiri ndi ili: mwa makosi onse ali pamndandandawa, ndi ati aphunzitsidwadi zaka ziwiri zapitazi? Mindandanda yambiri ili ndi mizukwa, makosi a aphunzitsi amene anapuma kapena kusamuka kalekale. Popeza aphunzitsi ndi obwereka, mmodzi akapita ku tchuthi cha kafukufuku, kosi imene mumaidalira imasowa chaka chonse. Funsaninso ngati makosi a chinenero amawerengedwa mu minor, chifukwa kwina chaka choyamba sachiwerengera. Funsani kuti ndi makosi angati angawerengedwe kawiri, ku minor ndi ku major kapena ku maphunziro okakamiza a aliyense. Kumene amalola, kosi ya chitukuko cha maiko a ku Asia ikhoza kupha mbalame ziwiri, ndipo minor yonse ingakudyereni makosi atatu kapena anayi okha owonjezera. Onaninso ngati pali semina yomaliza imene imakukakamizani kulumikiza zonse mu pepala limodzi. Pulogalamu imene ili nayo ndiye kuti wina anaiganizira mofatsa. Ndipo mukamva za thandizo la FLAS lophunzirira zinenero, musaliwerengere: malamulo ake amalola nzika za America ndi okhala ndi chilolezo chokhazikika okha. Funsani za thumba la yunivesite yeniyeniyo.

Za ntchito ndinena mwachidule. Palibe bwana adzakulembani chifukwa cha mzere umodzi wa pa transcript. Chimene chimagwira ntchito ndi zimene mzerewo ukuimira ngati zilipodi: chinenero chimene mungayesedwe nacho pompo, miyezi imene munakhala kuderako, pepala limene mungaonetse, ndi mphunzitsi amene amakudziwani bwino moti akhoza kukulemberani kalata yonena zenizeni. Makalasi a mapulogalamu otere amakhala ang'onoang'ono, pamene a zachuma amadzaza holo, choncho kalata yabwino kawirikawiri imachokera kumeneku. Mabanki a chitukuko, mabungwe a United Nations, makampani ounika ngozi za malonda, atolankhani ndi maofesi a akazembe amafuna anthu otere, koma amayamba ayang'ana luso lanu la zachuma. Major ikhale yolimba.

Kwa malume, pitani ndi mfundo ziwiri. Yoyamba: luso la makompyuta limene wa zachuma amafunika, monga Python, R ndi statistics, mukhoza kulipeza ndi makosi awiri kapena atatu osankha, popanda minor yonse, ndipo olemba ntchito amaliyesa pokupatsani ntchito yoti muchite, sayang'ana dzina la minor. Yachiwiri ikukhudza visa. Chilolezo cha OPT, chogwira ntchito miyezi 12 mukamaliza, chimatsata major, ndipo miyezi 24 yowonjezera ya STEM (maphunziro a sayansi, ukadaulo, uinjiniya ndi masamu) nayonso imatsata major. Minor ya makompyuta siingakupatseni miyezi imeneyo. Chimene chingakupatseni ndi mmene major yanu inalembetsedwera ku boma, poti madipatimenti ambiri a zachuma anasintha n'kulembetsa mapulogalamu awo ngati Econometrics and Quantitative Economics, imene ili pa mndandanda wa STEM. Kafunseni ku ofesi ya ophunzira ochokera kunja kuti yanu ili pati. Yankho la kumeneko likhoza kukhala la phindu kwa malume kuposa mkangano wonse wa minor.

Mukandifunsa kuti ine ndingatani nditakhala inu: muli chaka chachiwiri, nthawi ilipo koma yayamba kuthina. Ngati mtima wanu ukugunda mukaganiza zoloweza zilembo za Chitchaina usiku uliwonse kwa zaka zikubwerazi, ndipo pali njira yopezera ndalama zokakhala kumeneko, tengani East Asian Studies. Ngati mukukayika ngakhale pang'ono pa chinenerocho, tengani African Studies ndi Chifalansa, muloze kumadzulo kwa Africa, ndipo muikepo kosi imodzi ya chuma cha China. Semesita ikubwerayi lembetsani kosi yoyamba ya chinenero ndi kosi imodzi ya mbiri ya deralo, koma fomu ya minor muisunge kaye m'kabati. M'mayunivesite ambiri mukhoza kuipereka ngakhale m'chaka chachitatu, ndipo makosi amene mwatenga kale amawerengedwa.